MKAZI WOMENYEDWA KU CHITUNGWIZA ADZATHAWIRA KUTI?

Munthu akakwera kombi mu Harare nayenda pa mseu wa Seke mtunda wa makilomita pafupifupi 25, akangooloka mtsinje wa Manyame ndiye kuti wafika ku Chitungwiza. Tauni imeneyi inakhazikitsidwa m'chaka cha 1978 pamene Boma linaphatikiza malokeshoni atatu, St Mary's, Zengeza ndi Seke, ndipo kalembera wa 2022 anapezamo anthu oposa 370,000. Ambiri a iwo amangogonako, koma nchito yao iri ku Harare. Amanyamuka kusanache nabwerako dzuwa litalowa.

Ku St Mary's, imene iri lokeshoni yakale kuposa zinzake, munthu wa kwathu sasowa womulonjera. Pa Huruyadzo ndi pa Chigovanyika mudzamva Chinyanja ndi Chiyao zikusakanizika ndi Chishona, ndipo pa maliro ena gule amatuluka, amene eni dziko amamutcha zvigure. Awa ndi ana ndi adzukulu a anthu aja anachoka ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mangochi, ku Chipata ndi ku Tete kudzafuna nchito m'mafamu ndi m'migodi, ena pa miyendo, ena pa malole a Ulere, ena atalembedwa ndi Mthandizi. Nkhani yathu ya mlungu uno iri ya akazi a pakati pa anthu amenewa, makamaka mkazi amene mwamuna wake amammenya, koma ufa, denga ndi fizi ya ana zonse ziri m'thumba la mwamuna yemweyo.

"NDIKATULUKA ANA ADYA CHIANI?"

Ndinacheza ndi mayi wina amene dzina lake sindilemba muno, pakuti iye sanandipatse nkhani yake kuti idzamuyalutse. Agogo ake amuna anachokera ku Dedza, nagwira nchito pa famu ya fodya kufikira imfa yao, ndipo kwao sanabwererekonso. Iye mwini anabadwira ku St Mary's, ku Malawi sanapondeko phazi. Anakwatiwa ali ndi zaka 19, nabala ana atatu m'zipinda ziwiri za lendi kuseri kwa nyumba ya munthu wina.

Poyamba ankagulitsa tomato ndi masamba pa kathebulo pamseu. Mwamuna anati mkazi wa munthu wa pa nchito sakhala pamseu kumaseka ndi makondakitala, ndipo kathebulo kaja kanatha. Kuyambira pamenepo mmawa uliwonse mwamuna ankasiya ndalama ya ndiwo za tsiku limenelo pamwamba pa kabati, madzulo nafunsa chenji. Foni ankaiona iye. Kumenya kunayamba ndi mbama, pambuyo pake lamba, ndipo tsiku lina anamgwetsera pa mbaula namthyola dzino. Mwini nyumba ndi malojala anzake ankamva zonse, popeza zipupa za m'lokeshoni sizibisa kanthu, koma aliyense ankangokweza wailesi.

Ndinamfunsa funso limene anthu okhuta amakonda kufunsa, kuti chifukwa ninji sanachoke msanga. Iye sanakwiye ai. Anangoti, "Bambo, inu mukuti kuchoka, kuchoka kupita kwa yani? Amayi anamwalira, nyumba ya bambo anga alongo anga anaigawana ndi kuikamo malojala. Ndikatuluka pakhomo paja ndi ana atatu, usiku womwewo agona pati, ndipo mmawa adya chiani?"

Anapitako kwa azakhali ake kawiri, ndi kwa amayi akuluakulu a ku mpingo kamodzi. Mau anali amodzimodzi, akuti banja ndi kupirira, wakwatiwa kwa mphenzi saopa kung'anima. Azakhali anaonjezanso china, chimene mwina ndicho chinali chenicheni: ndalama za roora, malowolo a kuno, alongo ake anadya kale, ndipo panalibe wofuna kumva za kubweza.

Mayi ameneyu sali yekha. Kafukufuku wa za umoyo amene Boma la Zimbabwe linachita m'chaka cha 2015 anaonetsa kuti mkazi mmodzi mwa atatu alionse a zaka 15 kufikira 49 anamenyedwapo chikwanitsire zaka 15. Ndipo pamene anthu anatsekeredwa m'nyumba chifukwa cha Covid-19 kuyambira pa 30 March 2020, bungwe la Musasa linalandira madandaulo oposa 700 m'masiku 11 oyamba okha, kuposa amene linkalandira pa mwezi wathunthu.

KWATHU WOCHOKA ANALI MWAMUNA

Tsono apa pali chinthu chimene achinyamata obadwira kuno ambiri sachidziwa, ndipo nkoyenera kuti achimve. Pa mwambo wa Achewa, Amang'anja ndi Ayao, funso lija lakuti mkazi adzathawira kuti silinali funso konse. Mkazi sanali kuthawa, pakuti anali kale kwao. Mwamuna ndiye anali kubwera kudzakhala chikamwini pa mudzi wa mkazi. Munda unali wa mbumba ya mkazi, nkhokwe inali pa bwalo la mkazi, ana anali a mtundu wa mkazi, ndipo pafupi pomwepo panali amalume kapena mlongo wake, mwini mbumba, amene nchito yake inali kuyang'anira alongo ake ndi ana ao.

Sitikunena kuti kumudzi kunalibe amuna a nkhanza. Analipo, ndipo mau oipa aja akuti kumenya ndi mankhwala a banja sanabadwire m'tauni. Koma mkamwini akatambasula dzanja mopitirira, kulira kwa mkazi kunkamveka ku nyumba ya amake ndi ya alongo ake. Ankhoswe a mbali zonse ziwiri ankakhala pansi. Kamodzi, kawiri, ankalangiza. Zikakanika, mkamwini ankampatsa mphasa yake, khasu lake ndi nkhwangwa yake namuonetsa njira ya kwao. Mkazi ankatsala m'nyumba yomweyo, nalima munda womwewo, ana nadya nsima ya m'nkhokwe yomweyo. Nchifukwa chake akulu anati mkamwini asamakule mwendo. Ngakhale mkazi wa chitengwa, amene anatengedwa kukakhala kwa mwamuna, ankadziwa kuti malo ake kwao ali chikhalire, ndipo tsiku lirilonse akhoza kubwerera.

Chomwe chinkamchinjiriza mkazi, tsono, si kukoma mtima kwa mwamuna ai. Zinali zinthu zitatu zogwirika ndi manja: munda, denga, ndi mbale wamwamuna wokhala pafupi.

ZINATHERA PA ZAMBEZI

Zinthu zitatu zimenezi sizinaoloke Zambezi. Mwamuna wobwera ku Rhodesia ankabwera ndi chitupa chake ndi mphamvu za manja ake basi. Nyumba ya pa komboni inali ya kampani kapena ya mwini famu, ndipo inkapatsidwa kwa wanchito, ndiye kuti mwamuna. M'malokeshoni a m'tauni, kuyambira pa lamulo la 1946 la malo ogona Achiafirika, nyumba za mabanja zinkaperekedwa kwa mwamuna wa pa nchito wokhala ndi mtchatho wolembetsa, ndipo dzina la pa kadi la nyumba linali lake. Ukwati ukatha, wotuluka anali mkazi. Phoso ndi malipiro zinkadzera m'dzanja la mwamuna. Kotero m'badwo umodzi wokha unakwanira kutembenuza mwambo wonse: mkamwini uja anasanduka mwini nyumba, mkazi nasanduka mlendo.

Machona ambiri anakwatira akazi a Chishona, ena polowola, ena mwa ukwati uja unkatchedwa mapoto, wongolowana popanda ankhoswe. Ana obadwa m'maukwati otere anagwa pakati. Kwa Ashona mwana ndi wa kwa atate, ndipo atate anali mlendo wopanda mudzi. Kwa Achewa mwana ndi wa kwa amake, ndipo amake sanali Mchewa. Mkazi wa Chishona zikamthina ali ndi kumusha kwake, ku Murewa kapena ku Gutu, kumene angakatule ana kwa agogo iye nafunafuna pogwira. Mdzukulu wa mchona alibe kumusha. Mudzi wake ndi St Mary's yomweyo, ndipo kwa ambiri mudzi wake unali famu imene anachotsedwapo minda italandidwa kuyambira m'chaka cha 2000.

Kunabweranso Murambatsvina m'chaka cha 2005, pamene Boma linagwetsa tinyumba ta kuseri ndi misika ya m'mbali mwa mseu m'matauni onse, ku Chitungwiza komwe. Zinthu ziwiri zimene zinagwa pamenepo, kachipinda kotchipa ndi kathebulo ka malonda, ndizo zomwe mkazi wofuna kuima payekha amayambira.

BWALO LA MILANDU NDILO MALUME WA M'TAUNI

Nanga popeza munda kulibe ndipo mwini mbumba kulibe, mkazi wotere agwira mtengo wanji? Awerengi athu amve bwino apa, pakuti safunsa anadya phula, ndipo akazi ambiri akupirira zinthu zimene lamulo linaletsa kalekale.

Choyamba, kuyambira 1982 mkazi aliyense wa zaka 18 mu Zimbabwe ndi munthu wamkulu pamaso pa lamulo. Safunika bambo, mlongo kapena mwamuna kuti amuyankhulire pa bwalo. Kale sizinali chomwecho, ndipo agogo athu ena akali kuganiza mwa kale.

Chachiwiri ndi lamulo lotchedwa Domestic Violence Act, limene linayamba kugwira nchito m'chaka cha 2007. Lamuloli silinena za nkhonya zokha. Limatchulanso kugwirira, kutukwana, kuopseza, kulondalonda munthu, kuononga katundu, kutsekera munthu kunja kwa nyumba imene amakhalamo, kugulitsa ziwiya za m'nyumba popanda chifukwa, ndiponso kummana munthu ndalama zimene ayenera kulandira, monga za chakudya, za lendi ndi za kuchipatala. Womenya mkazi wake akhoza kumangidwa kufikira zaka 10. Kutukwana ndi kumana ndalama, pa zokha, sizitengera munthu ku ndende, koma zimakwanira kuti mkazi apemphe chikalata cha chitetezo, chimene pa bwalo amachitcha protection order.

Chikalata chimenechi amapereka ndi majisitireti, ndipo ku Chitungwiza bwalo la majisitireti liripo. Sikufunika kukwera kombi ya ku Harare. Mkazi amapita kwa kalaliki wa bwalo nalemba dandaulo lake molumbira. Ngati iye sangathe kupita, munthu wina akhoza kumpemphera. Majisitireti akaona kuti ngozi iri pafupi, amapereka chikalata chogwirizira nthawi yomweyo, mwamuna asanaitanidwe nkomwe, ndipo pambuyo pake onse awiri amaitanidwa kudzamveka. Chikalata chenicheni chikatuluka chimakhala ndi mphamvu zaka zosachepera 5, pokhapokha bwalo litachisintha. Chimabwera pamodzi ndi chilolezo chomangira mwamunayo, chimene chimangodikira tsiku limene iye adzaswa lamulo.

Koma mfundo imene ikhudza mayi wathu uja ndi iyi, ndipo ndiyo yosadziwika kwambiri: majisitireti ali ndi mphamvu yolamula mwamuna kuti asayandikire nyumba imene mkazi akukhalamo, yolamula kuti apereke ndalama zothandizira mwamsanga, monga za chakudya, malo ogona ndi mankhwala, ndi yonena amene asunge ana pa nthawi imeneyo. Kunena kwina, lamulo la Boma likhoza kuchita chimene amalume ankachita kumudzi, kumpatsa mkamwini mphasa yake.

Chachitatu ndi Maintenance Act, lamulo la ndalama zolerera. Bambo ayenera kudyetsa ana ake, kaya ukwati unalembetsedwa kaya ai, kaya ukwatiwo ulipo kaya unatha. Mkazi sayenera kudikira chisudzulo kuti akasume. Akhoza kusuma ngakhale akali m'nyumba yomweyo ngati mwamuna sapereka kanthu. Mkazi wokwatiwa mwa mwambo akhozanso kupempha zomthandiza iye mwini. Ngati mwamuna ali pa nchito yolembedwa, bwalo limalamula abwana ake kuti azidula ndalamazo pa malipiro asanazigwire. Wokana dala kulipira akhoza kupita ku ndende.

Chachinai ndi katundu. Amuna ambiri amakonda kunena kuti, "Unabwera ndi chiani pano? Udzatuluka ndi chitenje chako chomwecho." Lamulo la Matrimonial Causes Act la 1985 silibvomereza zimenezo. Pogawa katundu bwalo limayang'ana zimene aliyense anathirapo, ndipo kusunga nyumba ndi kulera ana kumawerengedwa. M'chaka cha 2003 bwalo lalikulu la Supreme Court, pa chiweruzo cholembedwa ndi Justice Vernanda Ziyambi, linabvomereza kuti mayi wina amene anakhala pakhomo zaka zambiri osalembedwa nchito alandire theka la mtengo wa nyumba. Kwa nthawi yaitali chitetezo chimenechi chinali cha okhala ndi mtchatho okha, ndipo akazi a ukwati wosalembetsa, amene ndiwo ochuluka m'malokeshoni, ankabvutika zedi. Lamulo latsopano la maukwati, Marriages Act la 2022, linatsegulako chitseko: mwamuna ndi mkazi a zaka zoposa 18 amene akhala pamodzi monga banja popanda mtchatho, akalekana, bwalo likhoza kuwagawira katundu potsata mfundo zomwezo.

Za roora zija, ndi nkhani ya pakati pa mwamuna ndi amene analandira ndalamazo. Palibe lamulo lakuti mkazi akhale chikole m'nyumba yomenyedwa kufikira alongo ake atabweza ng'ombe.

PAMENE LAMULO LIMATSIMPHINA

Tikanama tikanena kuti pepala la majisitireti limaphika nsima. Mabvuto alipo, ndipo ndi bwino kuwadziwa munthu asananyamuke.

Amuna ambiri a ku Chitungwiza masiku ano sali pa nchito yolembedwa. Wina ndi kondakitala, wina amaotcherera zitseko pa Makoni, wina amasintha ndalama pamseu. Munthu wotere alibe abwana oti adule malipiro ake, ndipo pa bwalo amalumbira kuti sapeza kanthu. Mkazi amayenera kubwerera ku bwalo kawirikawiri, ndipo ulendo uliwonse ndi ndalama ya kombi ndi tsiku lotayika. Chinanso nchakuti mwamuna akamangidwa, ndalama ya lendi imamangidwa naye pamodzi. Ichi ndicho chifukwa chake akazi ambiri amakasuma Lolemba nakachotsa mlandu Lachisanu. Anthu amawaseka kuti ndi opusa. Si opusa ai. Awerenga masamu a mwezi umenewo, ndipo masamuwo akana.

Kwa anthu a kwathu palinso bvuto lapadera, la zitupa. Lamulo la unzika litasinthidwa m'chaka cha 2001, anthu zikwi zambiri obadwira mu Zimbabwe kwa makolo a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique anapezeka ali ndi zitupa zolembedwa kuti alien, ndiye kuti mlendo, ndipo ena analibe chitupa chirichonse. Mayi wopanda chitupa amabvutika kutengera mwana wake kalata ya kubadwa, amabvutika kulembetsa nambala ya foni m'dzina lake, kutsegula buku ku banki kapena kulembedwa nchito. Mwamuna wa nkhanza amadziwa zimenezi, ndipo ena amaopseza akazi ao kuti akapita ku polisi adzawathamangitsira ku Blantyre kumene sadziwako munthu. Limeneli ndi bodza. Malamulo akulu a dziko a 2013, pa ndime 43, amati munthu wobadwira mu Zimbabwe malamulowo asanayambe, amene kholo lake linali nzika ya dziko lina la SADC, ndipo iye ankakhala mu Zimbabwe pa nthawiyo, ndi nzika mwa kubadwa. Chofunika ndi kupita ku ofesi ya kalembera kukasinthitsa chitupa. Mizere ndi yaitali ndipo amafuna mboni ndi mapepala, koma ufuluwo ulipo. Ndipo ngakhale mlendo weniweni saloledwa kumenyedwa. Chikalata cha chitetezo sichifunsa mtundu wa munthu.

MMENE ENA ANATULUKIRA

Mayi wathu uja sanatuluke tsiku limodzi. Zinamtengera miyezi isanu ndi itatu, ndipo njira yake ndi imene akazi ambiri otuluka bwino amatsata.

Anayamba ndi kuuza munthu mmodzi, mayi woyandikana naye wa Chishona, amene anagwirizana naye kuti akamva kugogoda katatu pa chipupa aitane anthu. Kwa mayi yemweyo anasungitsa kachikwama: chitupa chake, makadi a ana a ku sikelo, makalata a kubadwa a ana awiri, zobvala zosinthira. Anayamba kuchapira anthu zobvala mwamuna ali ku nchito, ndipo ndalama zake sanaziike pa EcoCash ya foni imene mwamuna ankaiona, koma anazilowetsa mu mukando, chipereganyu cha amayi a kuno, mmene aliyense amaponya madola ake pa mlungu nalandira pa nthawi yake. Dola imodzi, madola awiri. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndalama ya pa kabati ija sinali yake, koma iyi inali yake.

Tsiku limene anamthyola dzino anapita ku polisi. Ku mapolisi a Zimbabwe kuli gawo lotchedwa Victim Friendly Unit, limene nchito yake ndi milandu yotere, ndipo munthu akafika pa kauntala ayenera kutchula dzina limeneli kuti asafotokoze nkhani yake pa gulu. Anampatsa kalata yopita nayo kuchipatala kuti dokotala alembe mabala. Pepala la dokotala limenelo ndilo linayankhula pa bwalo koposa misozi yake. Akazi amene amabisa mabala, nanena kuchipatala kuti anagwa pa mpando, amadzimana mboni yao yaikulu.

Thandizo lina liripo kwa osowa ndalama ya loya. Bungwe la Musasa, limene linayamba mu Harare m'chaka cha 1988, limapereka uphungu ndipo liri ndi nyumba zobisika zosungiramo akazi ndi ana ao kwa kanthawi. Bungwe la maloya achikazi la Zimbabwe Women Lawyers Association limathandiza kulemba mapepala a ku bwalo, ndipo Boma liri ndi ofesi yake ya Legal Aid Directorate ya anthu osauka.

Chenjezo limodzi tiyenera kulinena mosabisa. Onse ogwira nchito imeneyi, kuno ndi maiko ena, amabvomerezana kuti nthawi yoopsa koposa kwa mkazi ndi pamene mwamuna wazindikira kuti akuchoka, ndi miyezi yoyamba atachoka. Kotero kuopseza kuti "ndichoka mawa" pakati pa ndeu si nzeru. Wochoka achoke mwamuna kulibe, asanene kumene akupita, ndipo asabwerere yekha kudzatenga mapoto. Apite ndi wapolisi. Mwamuna amene anayamba wamkanyanga pakhosi, kapena kutchula mpeni, kapena kunena kuti adzadzipha pamodzi ndi ana, ameneyo si wodikira naye kuti mukando ukwane.

KWA ANKHOSWE NDI KWA IFE AMUNA

Mau awiri kwa akuluakulu a mipingo, a mizikiti, a mabungwe a maliro ndi a gule, pakuti kuno ku chilendo inu ndinu mudzi umene watsala. Mumasonkha ndalama mwezi ndi mwezi kuti munthu akafa aikidwe mwaulemu, ndipo chimenechi nchabwino ndithu. Koma kodi thumba lomwelo silingalipire chipinda cha mwezi umodzi kwa mwana wanu wamkazi akali moyo? Unkhoswe umene makolo anatisiyira sunali wobweza mkazi ku nkhonya. Nkhoswe inali ndi mphamvu yomanga banja ndi mphamvu yolimasula. Ife tasunga theka loyamba lokha, popeza ndilo losalira ndalama.

Ndipo kwa ife amuna amene timatuluka mbandakucha kukasaka dola: kutopa tikudziwa, kunyozedwa ku nchito tikudziwa, ndipo dzina lija lakuti mabhurandaya tinakula nalo. Koma mkazi wa m'nyumba sindiye anatseka mafakitale. Ndalama imene mumasiya pa kabati si mphatso, ndi gawo la munthu amene wakuchapirani, wakuphikirani ndi kukulererani ana tsiku lonse, ndipo Supreme Court inaliwerenga kale gawo limenelo.

Mayi uja tsopano akukhala m'chipinda chimodzi ku Seke, iye ndi ana atatu, nsaru yotchinga pakati. Majisitireti anampatsa chikalata cha chitetezo, nalamulanso ndalama za ana mwezi ndi mwezi. Miyezi ina zimabwera, miyezi ina sizibwera, ndipo wabwerera ku bwalo kawiri. Mmawa amapita pa Chikwanha kukapikula tomato ndi anyezi, nagulitsa pa kathebulo katsopano pafupi ndi pokwerera makombi. Azakhali ake sanamuyankhule miyezi inai, koma pa Khirisimasi anatumiza mwana ndi nkhuku. Dzino lija sanaikitse lina. Pamene ndinasiyana naye anali kupinda mapepala m'kathumba ka pulasitiki, pakuti mmawa mwake anali kudzuka 4 koloko kukaima pa mzere ku ofesi ya kalembera, kukatengera mwana wake wotsiriza kalata ya kubadwa kuti chaka chamawa ayambe Giredi 1.